Anthu Anayi pa Uvuni Umodzi wa Njerwa

Sendererani kuno, musakhale patali ngati anthu odzazonda wodwala chifuwa chachikulu. Inu muli kumbuyoko, kokerani mkeka wanu pamthunzi pano. Mawu anga masiku ano safika patali, amathera m'nkhama muno momwe munali mano. Ndipo musakonzeke zondiyankha kuti tili tonse, chifukwa iyi si nthano ayi. Zinandichitikira ine ndemwe, pakhomo lomwe lino, ndipo ndikazikumbukira malovu amandiwawa m'kamwa.

Ine ndinakula dongo lili m'zikhadabo. Amayi anga ankaumba mbiya, miphika ndi mitsuko, ine n'kumawapondera dongolo. Iwo ankati mtsuko uli ndi makolo anayi: dothi, madzi, mphepo ndi moto. Dothi ulifewetse ndi madzi, mphepo iumitse pang'onopang'ono pamthunzi, moto udzabwere pomalizira. Mmodzi mwa anayiwa akangolumpha mnzake, mtsuko umakuuza wokha uli pamoto: phwaa! Ankatinso anthu ndi chimodzimodzi, aliyense anatengera kholo limodzi mwa amenewa. Mwana wa eni akangoyamba kukwawa, amayi ankamuyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Uyu ndi mphepo uyu, musadzamutume mchere ndiwo zili pamoto." Ine ndinkaseka, ndinkayesa macheza chabe a anthu okhala pansi tsiku lonse. Sindinkadziwa kuti Mulungu adzandiunjikira onse anayi pakhomo limodzi. Atatu ndinabereka ndekha. Wachinayi anabwera ndi ukwati.

Chaka chija mvula inagwa masiku ambirimbiri osakata, mapiri n'kumatsika ndi matope, nyumba yanga inakhala pansi. Inali ya zidina, njerwa zosaotcha zija, anandimangira malemu bambo awo a anawa. Khoma lakumadzulo linayamba latupa kaye ngati mimba ya mwana wodwala njoka zam'mimba, kenako linangogwada. Ndinatuluka ndi bulangete ndi ndowa, basi.

Mungafunse kuti bwanji sindinakalowe m'nyumba ya mwana wanga wamkazi, poti ili apoyo, yamalata, zipinda zitatu. Mmenemo muli mkamwini. Kwathu kuno mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi, ndipo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso, sagona denga limodzi. Tikakumana panjira iye ankapatukira m'tchire, ine n'kukokera chitenje kumaso, moni wake wopatsana chofulatirana. Ukakhala ndi mawu, umatuma mwana wako kuti akafikitse. Anzanga ambiri anasiya kalekale zimenezi. Amangopatsana nkhuku kapena mbale, mwambo watha, ayamba kucheza ngati mayi ndi mwana. Ine ayi. Ndinkaukonda ulemu umenewo, ndinkadzitama nawo pamjigo. "Wanga uja," ndinkatero, "zaka zonsezi ngakhale liwu lake sindilidziwa bwino." Sungani mawu amenewo, chifukwa uchitsiru wanga ine uli pamenepo.

Ndiye anandiyalira m'khitchini. Khitchini yake yaudzu, mwaye uli lendelende kudenga, ndipo ndi momwemonso mumagona nkhuku. Inu, utitiri mumaudziwa? Umayenda m'tsitsi, m'khwapa, ndi malo ena oti sungakande pamaso pa anthu. Tambala ankagona pamtanda, pamwamba pa mutu wanga penipeni, ndipo sankalabadira kuti pansipa pali munthu wobatizidwa. Mmawa uliwonse ntchito yoyamba inali kupala zitosi pabulangete, tsiku lina patsaya. Fungo la zitosi zonyowa losakanikirana ndi phulusa linandilowa m'thupi, moti kutchalitchi anzanga ankasendera pang'ono pabenchi, mwaulemu ndithu, ngati akupatsa malo mlendo.

Mwana wanga woyamba, wamwamuna, ndiye wamoto. Anakwatira cha ku Lisungwi, amakhala komweko kwa akazi ake, koma poti alongo anga onse anatha, mwini mbumba pano ndi iyeyo. Uyu anatuluka m'mimba akukalipa. Mtima wake si woipa ayi, motonso umafunditsa ukaukhalira patali. Atamva za nyumba anabwera panjinga thukuta lili kamukamu, n'kundipeza ndikukutumula bulangete pakhomo la khitchini.

"Amayi anga kugona ndi nkhuku? Ine ndili moyo?" Anamenya chitseko theche, nkhuku zonse balala. Misozi inalengeza ndithu m'maso mwake. "Mvula ikubwerayi ikupezani m'nyumba ya njerwa zootcha. Ndalumbira. Zidina ndi za amphawi."

"Nanga ifeyo ndife ndani?" ndinamufunsa.

Sanamve. Moto ulibe makutu.

Anaitanitsa abale ake kuti tikhale pansi. Chitsirizira changa, wamphepo, anatulukira ndi magalasi akuda kumaso. Uyu amakhala pa Zalewa, koma mukandifunsa ntchito yake ndikunamizani. Lero akuitanira minibasi, mawa akugulitsa makala a eni, mkuja wakolekera timawaya ta mafoni m'khosi. Nkhani yovuta inali ya nkhuni, chifukwa mitengo kuno inathera m'matumba a makala. Iye anangokupiza dzanja.

"Za nkhuni musaganize n'komwe, achimwene. Ndili ndi mnzanga wa lole. Ndikangomuimbira kamodzi, zipika zidzatsika pano mpaka mudzasowa poponda."

"Eya, zoonadi," anatero mlongo wawo. Wamoto atanena kuti lole za pa Zalewa ndi zabodza, anatinso, "Eya, zoonadi achimwene." Ameneyo ndiye wamadzi, mwana wanga wapakati, mwini khitchini ija. Ukamuthira mumphika amakhala mphika, ukamuthira m'botolo amakhala botolo. Chibadwire sanakanganepo ndi munthu, ndipo ine ndinkayesa dalitso.

Mwamuna wake, wadothi uja, anakhala potero kuseri kwa nkhokwe, akusema mpini. Imvani bwino apa. Mwa anthu onse amene analipo tsiku limenelo, wodziwa uvuni anali iyeyo. Unyamata wake wonse anathera kumauvuni a kuboma, ndipo mpaka lero anthu amachokera kutali kudzamutenga kuti akawayatsire. Koma pano ndi mkamwini, munthu wobwera. Wamoto anamuponyera mawu osatembenuka n'komwe.

"Alamu, inu mudzakumba chulu ndi kuponda matope. Zoyendetsa ntchito ndi ine."

"Eya, alamu," anayankha, mutu uli pampini.

Tinapangana kuti ntchito iyambe tikangokolola. Tinakolola, chiperoni chinabwera n'kupita, wamoto ali pamilandu ya malire a munda ndi achibale a akazi ake. Anadzafika dzuwa litayamba kale kuswa mtengo, mango atamanga tizipatso. Ndiye chilichonse chinali chothamanga.

Kugwira ntchito anagwira, pamenepo sindinganame. Wamadzi anasenza ndowa kuchokera pamjigo mpaka khosi linauma. Wadothi anagumula chulu, kuponda matope, kuthira m'chikombole, kukhuthula, kuyambira tambala mpaka nkhuku kulowa, osamumva ngakhale kutsokomola. Njerwa zake zinkatuluka zosalala ngati sopo. Akayala mzere ankafunditsa udzu pamwamba kuti ziume mofatsa. Wamoto ankabwera pambuyo pake n'kumachotsa udzuwo.

"Tikufuna dzuwa ife, inu mukuzifunditsa ngati zili ndi malungo!"

Mkamwini ankangoyang'ana udzu uli pambali, n'kubwerera kumatope ake.

Patangopita masiku owerengeka, wamoto anati zauma. Ine ndinatola imodzi n'kuimenyetsa pamwala. Kunja kunali gwa, koma mkati muli bii, mozizira ngati chiwindi. Ndinamuitana.

"Iwe, tabwera ugwire apa."

Anagwira ndi chala chimodzi. "Izi si mbiya zanu zija, amayi. Moto wa uvuni ndi wina, umaumitsa wokha."

"Dothi ndi dothi, mwananga. Silidziwa kuti waliumba ndi mwamuna."

"Kapumeni amayi, magazi anu aja angakwere."

Ndinadziwa kuti mawu a nkhalamba yonunkha zitosi salemera. Koma mawu a katswiri akanalemera, makamaka titagwirizana awiri. Katswiriyo anali apo, mtunda woti ukhoza kumuponyera chitsononkho, akutsuka chikombole. Ine m'malo moyenda mapazi khumi, ndinaitana mwana wanga wamkazi kuseri kwa khitchini.

"Ukawauze amuna ako kuti ine ndikuti njerwazi n'zaziwisi. Uwafunse ngati ndikunama. Ngati sindikunama, alankhule ndi alamu awo lero lomwe, ine ndiwaikira kumbuyo."

"Chabwino amayi."

Anapita, ndinamuona atagwada pafupi ndi mwamuna wake, akulankhulana motsitsa. Anabwerera akumwetulira.

"Akuti musadandaule amayi, dzuwa likugwira ntchito yake."

Ndinadabwa. Koma ndinati kaya, mwina njerwa zili ndi nzeru zina zomwe ife a mitsuko sitizidziwa. Ndinabwerera kuntchito zanga.

Mawa lake wamphepo anatsika panjinga yamoto ya eni. Lole panalibe. Anali atakolekera matayala awiri akutha m'mapewa, m'manja muli chigubu cha oilo wakuda wochotsa m'galimoto.

"Lole ili kuti?" anafunsa mkulu wake.

"Ili m'njira achimwene, yangofa pang'ono. Koma siyani za lole, taonani izi." Anatulutsa foni n'kumuonetsa timitambo tojambula. "Mvula ikugwa sabata yamawa. Yamphamvu. Foni sinama."

Ndinayang'ana kumwamba. Kunali mbee, kopanda ngakhale kamtambo kongapukutire mphuno. Nyerere zinali phee, mphepo ikuchokera komwe imachokera masiku onse a chilimwe. Koma mukudziwa chimene mphepo imachita ikapeza moto. Wamoto analumpha ngati wakhalira chinkhanira.

"Tisanje lero! Alamu, mwamva? Lero!"

"Ndipo ndi izi," anatero wamphepo akugogoda chigubu chija, "masiku awiri okha zapsa. Ku Blantyre amatero anthu otsogola. Zodikira sabata yathunthu n'zachikale."

Anasanja uvuni wa makomo atatu, n'kuumata ndi matope. Tsiku lotsatira linali langa lokatenga mankhwala a magazi kuchipatala cha ku Midzemba. Ndinalawira, ndinakhala pamzere, ndinabwerera dzuwa litapendeka. Ndikutulukira pakhonde la tchalitchi paja, ndinaona kuti pakhomo panga pawala modabwitsa, ngati mutu wometa kumene. Ndinaima. Mtengo wanga wa mango panalibe.

Mtengo umenewo ndinadzala ndekha, koko lake ndinachita kubwera nalo kuchokera kwa amayi anga. Mango ake maboloma, amodzi kukhuta mwana. Unali gone pansi, tizipatso tili mbwee pabwalo lonse, mbuzi zikudya. Utomoni unkatuluka pachitsa. Wamoto anali ndi nkhwangwa m'manja, chifuwa chili pamtunda.

"Tidzadzala wina, amayi. Mukufuna mango kapena nyumba?"

Wamphepo anali atakhala pa thunthu akusenda kamango kakawisi ndi mano. Wamadzi anandithamangira n'kundilandira kathumba ka mankhwala. "Pepani amayi, inenso zandiwawa," anandinong'oneza. Atatembenuka ndinamumva akuuza wamoto kuti, "Mwaganiza bwino achimwene." Mkamwini ankadula nthambi m'zipikazipika, mwaluso, mofanana bwino, nkhope atalozetsa kwina kuti asandione. Ulemu.

Sindinalire. Ndinangolowa m'khitchini n'kukhala pakati pa nkhuku. Mumtima ndinati, chabwino, mtengo wapita, bola nyumba ibwere.

Aliyense amene anaotchapo ngakhale kamphika amadziwa kuti moto woyamba umakhala waulemu, wonga wofunditsa khanda. Umauyatsa pang'ono, tsiku lathunthu kapena awiri, mpaka utsi woyera wa chinyezi utatha. Ukatero ndiye umawonjezera nkhuni, n'kutseka makomo a mbali yomwe kukuchokera mphepo. Wamoto anadzaza makomo onse atatu mpaka kukamwa. Nkhuni zaziwisi zinakana kuyaka, zinkangolira thovu. Ndiye wamphepo anadula matayala aja, kuwathira oilo, n'kuponyamo.

Mayo ine, utsi umenewo! Wakuda, wonona, wokakamira kummero ngati wameza sapato yakupsa. Unalowa m'nyumba, mu ufa, m'madzi akumwa. Ukamina, chotuluka chinali chakuda. Nkhuku zinathawira kwa aneba. Mayi wina wa kutsidyaku anadutsa atatseka mphuno ndi chitenje.

"Kodi anzathu, mukuotcha njerwa kapena galu wakufa?"

"Chitukuko chimenecho, mayi!" anamuyankha wamphepo. "Mudzabwera kudzaphunzira."

Dzuwa lisanafike pamutu, mkati mwa uvuni munayamba kulira. Phu! Phu! Phuphu! Ngati chimanga chokazinga. Ine mawu amenewo ndimawadziwa kuyambira ndili kamtsikana. Ndi madzi otsekeredwa m'dothi akuswa khomo lotulukira. Kulira kulikonse kunali njerwa imodzi ya nyumba yanga ikufa.

"Mwamva achimwene? Zikupsa!" anakuwa wamphepo akuvina.

"Onjezerani nkhuni, alamu!" analamula wamoto.

Ndipo mkamwini ankaonjezera. Ndinkamuonera pachibowo cha khitchini. Ankanyamula chipika, kuchilowetsa bwinobwino, kubwerera, kunyamula china. Nkhope yake inali ngati chulu, yosaonetsa kanthu.

Tsiku lachiwiri masana uvuni unang'ambika mbali imodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi, moto n'kumatulukira pamng'aluwo, khoma lake n'kupendekeka ngati munthu woledzera. Nthawi yomweyo foni ya wamphepo inalira, kapena anangoiliza yekha, kaya.

"Ndi wa lole uja! Akuti ndikamulondolere njira. Ndikubwera pompano."

Ameneyo ndiye anapita.

Uvuni utazizira tinaufumula. Njerwa yakupsa bwino ukaigogoda imati ngwee, ngati khasu. Ndinagogoda yoyamba: bu. Yachiwiri: bu. Zapamwamba zonse zinali zongodetsedwa ndi utsi, ukafinya zikufumbutuka m'manja. Zapafupi ndi makomo zinasungunuka n'kumatana, zibuma zakuda zonyezimira, zonunkha tayala, zoti ngakhale nyundo inkabwerera. Zapakati zinali zidutswa zokhazokha. Zabwino tinaziunjika pambali, ndipo mulu wake sukanamanga ngakhale bafa.

Wamoto anazungulira muluwo kawiri, akufunafuna woti amuotche.

"Alamu! Si inu amene anthu amati katswiri? Ukatswiri wake ndi umenewu?"

"Eya, alamu."

"Eya chiyani? Dothi lanuli linali loipa! Chulu chimenechi munasankha ndinu!"

Mkamwini anangoyang'ana zala za kumapazi kwake. Wamoto anatukwana chulu, anatukwana mng'ono wake, anatukwana boma, anakwera njinga. Sananditsanzike n'komwe. Ndikuganiza kuti ankachita manyazi, koma manyazi a moto amaoneka ngati mkwiyo basi.

Ndipo mvula ya mufoni ija? Sabata inatha, kuli ngwee. Inatha ina. Mwezi wathunthu ndi masiku ena pamwamba, dzuwa likungotiseka, dzuwa lokwanira kuumitsa njerwa zija kawiri konse. Fulumira anadya gaga, ife tinadya utsi wa tayala. Pamene mvula inadzagwa, inapeza mulu wa njerwa zosapsa uja n'kuusandutsa phala. Ndinaima pakhomo la khitchini n'kumaona nyumba yanga ikuyenderera pabwalo, yofiirira, kulowera kudimba.

Mmawa mwake ndinagwira tambala uja, yemwe uja wa pamtanda. Ndinamumanga miyendo ndi luzi. Mkamwini anali pakhonde pake akunola chikwanje. Atandiona ndikulunjika kwa iye anadzambatuka kuti azembere kuseri.

"Khalani pomwepo!" ndinakuwa. Chitenje sindinakokere kumaso. Ndinamuponyera tambalayo pamapazi. "Nayo nkhuku yanu. Kuyambira lero mwambo watha, ndiyang'aneni. Ndikufuna ndimve ndi makutu angawa."

Anakhala pansi mwamanyazi ngati ndamupeza akusamba. Aka kanali koyamba kuona kuti ali ndi chipsera pachikope. Mkazi wake anatuluka m'nyumba ndi chipande m'manja, n'kugwada chapatali.

"Njerwa zija zinali zouma?"

"Ayi, amayi."

"Munkadziwa?"

"Eya. Zinkafunika masabata ena awiri."

"Nanga bwanji munanditumizira mawu akuti ndisadandaule?"

Anakweza maso koyamba. "Ine sindinatero, amayi. Ndinati akauze alamu kuti tikayatsa tsopano ziphulika zonse."

"Nanga mawu anga anakupezani otani?"

"Anati amayi akuthokoza, akuti mukugwira ntchito yabwino."

Tonse awiri tinatembenukira kwa wamadzi. Anali atayamba kale kulira, misozi ili chuchuchu, poti kwa iye misozi siichedwa.

"Nanga kwa achimwene ako unakanena chiyani?"

"Ndinati... ndinati alamu anu akuti mmene mwaoneramo inuyo ndi momwemo."

"Chifukwa?"

"Ndimaopa kuti angayambane, amayi. Achimwene mukuwadziwa. Akanawatukwana bambo a kunyumbawa pamaso pa anthu, mwinanso kuwathamangitsa pamudzi. Ndimafuna mtendere."

"Mtendere wako ndi uwo ukuyenderera kudimbawo," ndinamuuza. "Pita ukautunge."

Koma amene anandinyansa kwenikweni ndi mkamwini. Wamoto ndi wopusa, sankadziwa. Wamphepo mutu wake ndi chikho chobooka. Wamadzi ndi wamantha. Koma uyu ankadziwa zonse, kuyambira udzu uja mpaka chipika chomalizira.

"Inuyo bambo, mutaona kuti mawu anu sanamveke, pakamwa panu panali patasokedwa? Munkamva njerwa zikuphulika?"

"Ndinkamva."

"N'kumaponyabe nkhuni?"

"Anandiuza kuti ndiponye, amayi. Ine pano ndine wobwera. Mwini mbumba akalamula, ine ndingakweze mawu pakhomo la eni?"

"Mtengo wanga munkaudula mukudziwa kuti ukupita pachabe?"

"Eya."

Anangoti eya, mosalala, ngati ndamufunsa ngati wadya. Anthu amatama munthu wofatsa, amati ndi dothi lenileni, ukaliponda silidandaula. Ine ndikukuuzani kuti dothi ndi lomwenso limakwirira anthu, lili chete choncho. Ndinalavula pambali. Iye anatola tambala uja n'kumusisita, kenako ananena mawu aatali kuposa onse amene ndinamumvapo.

"Komatu inunso amayi simunandifunse. Ndinali pomwepa masiku onse."

Ndinafuna kumutukwana, koma ndikanayambira pati? Zinali zoona. Mapazi khumi okha. Ndinasinthanitsa nyumba ndi ulemu wokadzitama nawo pamjigo.

Dzinja limenelo ndinalithera m'khitchini momwemo, lachiwiri. Denga linkadontha malo atatu, ndinkasuntha mkeka ngati mphaka wosamutsa ana. Chifuwa chimene mumandimva nachochi ndinachitenga mmenemo. Chilimwe chitafika sindinaitanitse msonkhano wa munthu aliyense. Ndinapita ndekha kwa mkamwini n'kumuuza m'maso muli gwa kuti andiumbire zidina, poti nkhuni zootchera panalibenso, mtengo wachiwiri ndinalibe. Anaumba, anafunditsa udzu, zinauma mwezi wathunthu popanda wozivundukula. Anamanga kachipinda kamodzi aka mukukaonaka, kofolera ndi udzu ndi pulasitiki. Ndinazungulira ulendo wonse uja n'kubwerera kuzidina za amphawi zomwe zija.

Wamoto anatha chaka osaponda pano. Tsopano amabwera pamaliro pokha, ndipo akafika amakhala chofulatira pomwe panali uvuni. Kwa akazi ake anakangana ndi akuluampingo pa nkhani ya malata a tchalitchi, anatuluka n'kukayambitsa mapemphero pakhonde pake, iye ndi akazi ake ndi anthu ena atatu. Ndikumva kuti awiri anachokamo kale. Nayenso anayamba kumwa mankhwala a magazi onga angawa.

Wamphepo pa Zalewa anachokapo. Ena amati anamuona ku Mwanza akusintha ndalama pachipata, ena amati analowera ku Tete. Amaimba pakapita miyezi, nambala yake imakhala yachilendo ulendo uliwonse. Kumapeto kwa chaka chathachi anauza mlongo wake kuti andiuze ndikonze malo, akunditumizira sola ndi wailesi yakanema. Malowo ndinaikapo mtondo.

Wamadzi anamusankha kukhala mkulu wa amayi kutchalitchi kwathu. Mbali ziwiri zomwe zinkakangana zonse zinamuvotera, iliyonse ikuyesa kuti ndi wawo. Maukwati akagwedezeka amatuma iyeyo kukayanjanitsa. Ine ndikamva choncho ndimangowamvera chisoni eni ukwatiwo. Pakhomo pano sindimutumanso mawu, ngakhale okapempha moto.

Wadothi akadali pompano, ndipo anthu akubwerabe kudzamutenga kukayatsa mauvuni awo, njerwa zake zikulira ngwee m'midzi ya eni. Masiku ano timalankhulana. Ukamufunsa amayankha zoona zokhazokha, koma uyambe wafunsa. Mwezi wathawu ndinayanika ufa pamkeka n'kupita kumjigo. Pobwera ndinapeza mbuzi ya aneba ili pakati pa mkekawo, yadya, yaponda, yasiyamo ndi timibulu take. Iye anali pakhonde, mapazi asanu kuchokera pamenepo, akuluka dengu.

"Bambo, mbuzi iyi simunaione?"

"Ndinaiona, amayi," anatero. "Yabwera kalekale."